Bilu ya Matenti

Renita Bascom anali sajeni wa polisi mu mzinda wa Calloway, ndipo panalibe msewu umene ankauopa. Koma panali malo amodzi amene ankapemphera kuti asamutumeko atavala yunifolomu: pansi pa mlatho wa sitima, m'mphepete mwa mtsinje, pamene anthu osowa pokhala anamangapo matenti awo. M'tenti yobiriwira ya kumapeto kwenikweni munkagona achimwene ake, a Dewitt.

A Dewitt ndiwo anamulera Renita mayi awo atamwalira. Nthawi imeneyo anali mnyamata wamphamvu, wowotcherera zitsulo kufakitale, ndipo ankabwera kunyumba akununkha utsi n'kufikira kumuphikira mlongo wawo mazira. Kenako anagwa kuntchito n'kuvulala msana. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi opha ululu, mapiritsiwo anawakola, ndipo atasiya kuwapatsa, mowa unalowa m'malo. Ntchito inatha, mkazi anachoka, nyumba inapita. Renita anawatenga n'kuwaika m'chipinda chapansi kunyumba kwake. Anakhalamo bwinobwino mpaka tsiku limene anagona ndudu ili kukamwa, matiresi n'kugwira moto ana a Renita ali m'chipinda cham'mwamba. Palibe anavulala. Koma mwamuna wake, Terrence, ataima pabwalo ana ali m'manja, anangoti, "Usankhe. Kaya iwo, kaya ife." Renita sakanamutsutsa, chifukwa utsi uja nayenso unamutsamwitsa.

Chaka chimenecho, chisanu chili pakati, aphungu a chigawo chawo anayamba kukambirana bilu yokhudza anthu ogona panja. Biluyo inkati aliyense womanga tenti kapena kugona pamalo a boma achenjezedwe kamodzi, akapezekanso amangidwe. Inkatinso mzinda umene apolisi ake azidzangoyang'ana osamanga, boma lidzaulanda chithandizo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene inkamudya mumtima Renita. Kufikira nthawi imeneyo wapolisi ankatha kunena kuti "sunthirani uko" n'kumapita. Bilu ikadzadutsa, zoyang'ana kumbalizo zidzatheratu.

Lolemba m'mawa bwana wake wa kupolisi, a Pruett, anamuitanira mu ofesi.

"Lachinayi mupita ku likulu, a Sajeni. Komiti ya aphungu ikumva maganizo a anthu pa bilu ija, ndipo akuluakulu akufuna pakalankhule wapolisi weniweni woyenda mumsewu, osati ife amimba okhalira mipandofe." Anamukankhira pepala. "Zonse alemba kale. Inu n'kungowerenga basi."

"Bwana, tumani wina."

"Nditume ndani? Anyamata angawa, oti akatsegula pakamwa mumatuluka zotukwana zokhazokha? Inu anthu amakumverani."

"Mukudziwa kuti ndili ndi m'bale wanga kumatenti kuja."

A Pruett anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ndikudziwa. Ndikudziwanso amene anatulutsa mtembo wa mayi uja m'tenti mwezi watha, utauma gwa ndi chisanu. Munali inu. Ndiye mundiuze, mmene zililimu zili bwino?"

Sizinali bwino. Eni masitolo ankadandaula zoona, aphunzitsi ankatola majakisoni a mankhwala ozunguza bongo pabwalo losewerera ana, ndipo mayi ujayo anamupeza atakumbatira nsapato zake pachifuwa kuopa akuba. Renita anatenga pepalalo n'kulipinda.

"Za kumlatho mukazisiye pakhomo," anatero a Pruett. "Mukalowa m'menemo ndinu polisi ya Calloway, osati mlongo wa munthu."

Lachitatu masana ataweruka, Renita anavala zovala wamba n'kutsikira kumtsinje atanyamula chitini cha nyemba za tsabola zotentha ndi masokosi atsopano. Chipale chofewa chinali chitasungunuka n'kusanduka matope akuda. Galu wa a Dewitt, amene anamutcha dzina loti Gavana, anamuthamangira akugwedeza mchira.

"Gavana, alandire abwana!" anafuula a Dewitt ali khale pa chidebe. "Boma labwera kudzayendera anthu ake."

Renita anaima n'kuwayang'anitsitsa. Anali atameta ndevu. Patsaya panali podzicheka, ndipo nkhope inkaoneka yaing'ono ngati ya munthu wongotuluka kumene m'chipatala.

"Achimwene, mukukwatira kodi?"

"Kuposa pamenepo. Mawa ndikupita ku nyumba ya malamulo. Abusa amatipatsa supu aja abwera ndi minibasi, atilembetsa kale mayina. Akuti aliyense ali ndi ufulu wokalankhula, ngakhale onunkhafe. Ndakhala ndikuyeserera pa Gavana. Iye wavomereza mfundo zonse."

Anatsegula chitini n'kuyamba kudya ndi supuni imene anaitulutsa m'thumba la malaya. Mpweya wawo sunkanunkha mowa. Renita anakhala chonyonyomala pafupi nawo, akusisita galu kuti manja apeze chochita.

"Inenso ndikakhalako," anatero.

Nkhope ya a Dewitt inawala. "Ukunama iwe! Ukubwera kudzandimvera?"

"Ndi yunifolomu, achimwene. Andituma."

Supuni inaima m'malere. Sitima inadutsa pamwamba pa mlatho, ndipo onse awiri anadikira kuti phokoso lithe, fumbi likuwagwera m'mapewa.

"Ohoo," anatero a Dewitt. "Ndiye kuti ukukapempha chilolezo chondimanga."

"Musatero."

"Nanga nditi chiyani, Nita? Ukanena kuti bilu ndi yoipa?"

"Ndikawerenga zimene andipatsa." Renita anawayang'ana. "Bwanji osangopita kumalo ogona aja a mumsewu wa Fulton? Ngakhale mpaka chisanu chithe."

"Mabedi ndi odzaza, ukudziwa wekha. Ukapeza bedi, galu amukana. Ukamusiya galu, akutulutsa m'bandakucha n'kukuuza kuti madzulo ubwere udzaimenso pamzere. Ndiye ndimutaye Gavana chifukwa cha bedi lobwereka?" Anakanda pansi pa chitini n'kumupatsa galu zotsalazo. "Pita ukawerenge. Uli ndi ana, uli ndi nyumba yoti usunge. Iwe ukanene zako, ine ndikanena zanga. Koma undibwereke jekete ya Terrence, yakuda ija. Sindikufuna kukaima pamaso pa aphungu ngati choopsezera mbalame."

M'mawa mwake Terrence anamupeza akuichotsa jeketeyo pa hang'ala. Anaiyang'ana, anamuyang'ana iye, n'kupitiriza kuthira khofi m'kapu.

"Ipite," anatero. "Koma isabwere ndi munthu mkati."

Renita anaisiya kwa abusa pa minibasi, iye n'kutsogola pa galimoto yake.

M'nyumba ya malamulo munkatentha moti anthu ankatuluka thukuta m'majekete mwawo. Alonda anamulowetsera Renita pakhomo la m'mbali n'kumupatsa mpando kutsogolo, pamodzi ndi mkulu wa bungwe la eni masitolo ndi maloya awiri. Anthu a m'minibasi anachedwa pakhomo lalikulu chifukwa alonda ankafufuza zikwama zawo chimodzichimodzi, ndipo ambiri anabwera ndi katundu wawo yense poopa kuti akamusiya kumlatho sakamupezanso. Mmene ankafika pachipinda cha komiti n'kuti mipando itadzaza. Ena anawaimika kukhoma kumbuyo, ena anatsala mukhonde. Renita sanacheuke, koma kutsokomola kwa achimwene ake ankakudziwa, ndipo anakumva kumbuyoko.

Wapampando, a Kimbrell, anali bambo wa imvi wolankhula mofatsa. Anati ayamba ndi oitanidwa, kenako anthu wamba, aliyense mphindi ziwiri. Oitanidwawo nthawi sankawawerengera. Wa masitolo analankhula, loya analankhula, loya winayo anabwereza zimene mnzake ananena koma ndi mawu ataliatali. Kenako a Kimbrell anaitana dzina la Renita.

Anawerenga. Mawu ake ankatuluka osalala ngati akupereka lipoti la ngozi ya pamsewu. Pepalalo linkanena za moto wa m'matenti, za majakisoni, za apolisi amene amapita malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku osasintha kanthu. Munalibe bodza m'menemo, ndipo n'chimene chinkamuwawa kwambiri. Atamaliza anafuna kuimirira, koma phungu wina, mayi Ostrander, anakweza dzanja.

"A Sajeni, tingoyerekeza kuti mwamupeza munthu kachiwiri, mwamumanga. Mumupititsa kuti?"

"Kuchitokosi, mayi."

"Akhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku ochepa. Malo kulibe."

"Akatuluka apita kuti?"

Renita anayang'ana pepala lija. Yankho munalibe. "Abwerera komwe tinamutenga. Kungoti tenti sakaipeza, mabulangete sakawapeza, mwina ndi mankhwala omwe. Ndipo tsopano ali ndi mbiri yomangidwa, ndiye wa nyumba yalendi akamva, amutsekera chitseko."

Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza kovomereza. A Kimbrell anagogoda patebulo. Phungu amene anabweretsa biluyo, bambo wachinyamata wa tayi yofiira, anaweramira ku chimkuzamawu.

"Ndiye mukutiuza kuti tizisiye mmene zililimu?"

"Ayi, bwana. Anthu akufa kumeneko."

"Chabwino. Biluyi ikakhala lamulo, mudzamanga kapena simudzamanga?"

Renita anaganiza za a Pruett, amene mosakayika ankaonera zonsezi pa kanema mu ofesi mwawo. Anaganiza za ana ake. Kumbuyo kuja kutsokomola kunali kutasiya.

"Ndidzamanga, bwana. Ndi ntchito yanga."

"Aliyense?"

"Aliyense."

Anabwerera pampando wake.

Nthawi ya anthu wamba inayamba dzuwa litapendeka kale. Analankhula mokwiya mayi wina amene mwana wake anaponda jakisoni. Analankhula abusa aja. Analankhula mtsikana wina wa kukoleji amene analira asanamalize. Kenako mlembi anabwera kudzawanong'oneza a Kimbrell kukhutu.

"Pepani nonse," anatero wapampando. "Aphungu akufunika m'nyumba yaikulu pa nkhani zina, ndiye tiyenera kutseka. Amene simunalankhule mutha kutumiza maganizo anu pa intaneti, tidzawerenga."

"Intaneti yake ya pansi pa mlatho?"

Anali a Dewitt. Renita anacheuka kwa nthawi yoyamba. Anali atachoka kukhoma n'kuima pakati pa kanjira, jekete ikulendewera m'mapewa.

"Bwana wapampando, ine ndinalembetsa. Dewitt Oakes. Ndadzuka kusanache, ndameta, mowa ndausiya chifukwa cha inu. Mphindi zanga ziwiri zija mundipatse."

"Bambo, nthawi yatha."

"Yathera kwa maloya! Tsiku lonse mukukamba za ife, eni akefe tili chiimire kukhoma ngati matsache!"

A Kimbrell anakodola alonda. Awiri anayamba kuyenda, mmodzi dzanja lili kale pa unyolo. Renita ankawadziwa achimwene ake. Munthu wachilendo akawagwira mwadzidzidzi ankakankha, osati chifukwa cha ukali, koma poteteza msana uja. Ndipo kukankha mlonda m'nyumba imeneyi sikukanathera pa masiku ochepa a kuchitokosi. Renita anadzuka n'kufika pa achimwene ake alondawo asanafike.

"Ndi wa kwathu ku Calloway ameneyu," anawauza. "Ndimutulutsa ndekha."

Anawagwira pachigongono monga ankagwirira wina aliyense, n'kuwatembenuzira kukhomo.

"Nita, ndisiye."

"Yendani, achimwene," ananong'ona. "Chonde yendani."

Anthu a kumbuyo anayamba kukuwiza. "Manyazi mulibe!" Wina anafuula kuti, "Mwayamba kale bilu isanadutse?" Mtsikana wa kukoleji uja anamulozetsa foni akujambula. Ochepa a kumlatho amene ankamudziwa Renita anangoweramitsa mitu n'kupatuka kuti adutse. Iye anayang'ana kutsogolo kokha, dzanja lake likumva fupa la mkono wa achimwene ake mkati mwa jekete.

Anawasiya atafika pa masitepe a panja. Mphepo inkalasa. A Dewitt anakhala pansi akupuma movutikira.

"Wandigwira bwino," anatero. "Mwaukatswiri."

"Akanakumangani."

"Ndikudziwa."

Renita anakhala nawo pa sitepe yozizirayo, yunifolomu ili m'thupi. Anthu a masuti ankawalambalala.

"Mumafuna kuwauza chiyani?"

A Dewitt anaseka pang'ono. "Zambiri zija zathawa. Koma chachikulu linali funso. Pansi pa mlatho ayi, papaki ayi, pakhonde la sitolo ayi. Chabwino, ndavomera, malo ndi awo. Ndiye andiuze poti ndikagone, ine ndi galu wanga. Atchule malo, ndinyamuka lero lomwe. Sindinabwere kudzakangana ndi munthu ine." Anamuyang'ana. "Kapena iweyo ukupadziwa?"

Renita anayang'ana magalimoto mumsewu. Onse awiri ankadziwa kuti kunyumba kwake kuli chipinda chopanda munthu, ndipo onse awiri sanachitchule.

Foni yake inalira. Anali a Pruett. "Munaonjezera zanu, a Sajeni, koma mwamaliza bwino. Komiti yavota musanafike n'komwe pansi. Yavomereza. Bilu ikupita ku nyumba yonse."

"Ndamva, bwana."

A Dewitt anali atayamba kunjenjemera thupi lonse, ndipo sichinali chisanu chokha: thupi linkafuna mowa. Minibasi inali ikudikirabe anthu ena, choncho Renita anawauza abusa kuti achimwene ake apita nawo yekha. Anawakhazika kutsogolo n'kutsegula chotenthetsera mpaka pamapeto. Asanatuluke n'komwe mu likulu, a Dewitt anali atagona, mutu utatsamira pa galasi, kukamwa kuli yasa. Anagona ngati mwala, tulo ta munthu amene sakuopa kuti wina abwera kudzamubera kapena kudzamudzutsa ndi tochi.

Atafika ku Calloway, Renita sanakhotere kumtsinje. Anadutsa pamphambanopo ngati sanapaone. Analowa mumsewu wa kwawo, anaona galimoto ya Terrence pabwalo ndi njinga za ana zitagonekedwa pa kapinga, anachepetsa liwiro, koma sanaime. Anazungulira kuseri kwa fakitale yakale ija, anadutsa pasukulu, anadutsa mumsewu wa Fulton pamene mzere wa ofuna mabedi unali utafika kale pakona. Anazunguliranso. Bola galimoto ikuyenda, munthuyu anali pamalo pamene palibe lamulo likanamuchotsa. Koma dzuwa linkalowa, ana ankadikira, ndipo m'mawa ankayenera kukhala pantchito.

A Dewitt anadzuka okha. Anayang'ana panja, anazindikira kuti adutsa kale pokhotera kumtsinje.

"Gavana sanadye," anatero.

Renita anakhotera kumtsinje. Potsika, a Dewitt anavula jekete, anaipinda bwinobwino n'kuisiya pampando. Anatsetsereka m'matopemo ndi malaya okha, atagwira msana ndi dzanja limodzi.

Biluyo sanaivotere sabata yotsatira, ngakhale inayo. Ankangoti ikubwera, aphungu akukonza mawu ena. Kanema amene mtsikana uja anajambula anafalikira m'mafoni. Ena ankamutukwana Renita, ena ankamuyamikira kuti ndiye wapolisi wofunika, ndipo zonse ziwiri zinkamunyansa mofanana. Anapempha a Pruett kuti amusamutsire ku ntchito ya mu ofesi, koma anamuuza kuti adikire kaye mpaka za bilu zidziwike. A Dewitt anayambiranso kumwa, ndevu zinameranso, ndipo za ku likulu sankazikambanso.

Chisanu chitayamba kutha, chipale cha kumapiri chinasungunuka ndipo mtsinje unadzaza. Loweruka lina masana Renita atatsikirako anapeza madzi akunyambita matenti a kumunsi, anthu ali piringupiringu kusamutsa katundu. A Dewitt anali atazula kale tenti yawo koma sankatha kuinyamula. Renita anaisenza pamapewa, iwo ananyamula mabulangete, n'kuyamba kukwera chitunda, galu ali patsogolo.

Pouma panali pamodzi pokha: kamtunda ka udzu m'mbali mwa msewu waukulu, poonekera kwa aliyense wodutsa pa galimoto. Renita ankadziwa kuti ndi malo a boma, ndiponso kuti mafoni odandaula ayamba kulira ku polisi tsiku lomwelo. Anayang'ana kumanzere, kunali mpanda wa njanji. Kumanja kunali madzi.

"Apa pali bwino, a Sajeni?" anafunsa a Dewitt akupuma mwawefuwefu.

"Pali bwino, achimwene."

Anagwada pa udzu wonyowawo n'kugwira chikhomo, iwo akukhoma ndi mwala.